MULI NDI CHIYANI M'NYUMBA? UTHENGA WA SABATA INO PA NKHANI YA NKHONGOLE

Kuwerenga kwa sabata: 2 Mafumu 4:1-7
Mavesi othandizira: Miyambo 22:7, Luka 14:28-30, Masalimo 37:21, Yohane 6:12-13

 A Bishopu andituma kuti uthenga wa sabata ino ndilembe ine.

Ntchito imodzi imene ndimagwira mu ofesi ya a Bishopu ndi kusonkhanitsa timapepala ta mapemphero timene mumaponya m'bokosi Lamlungu. Maina sinditchula, ndipo sindidzatchula. Koma nkhani imene ikubwerabwera miyezi ino, kuposa matenda ndi maukwati, ndi nkhongole. Wina analemba mawu awiri chabe: "Kaloba, Ambuye." Wina analemba kuti njinga yake inatengedwa ngati chikole. Mayi wina analemba kuti anasiya kubwera ku mapemphero a Lachitatu chifukwa amene anamukongoza amakhala benchi la kutsogolo kwake.

Okondedwa, ino ndi nyengo yokolola. Chimanga chili m'matumba, malole a ogula akuyendayenda m'midzi, ndipo kwa ambiri a ife ndalama yaikulu imalowa m'nyumba kamodzi kokha pachaka, nthawi ngati ino. Zimene tichite nayo m'masabata akubwerawa ndi zimene zidzanene ngati mu Januwale tidzagona tulo kapena tidzabisala kumunda. N'chifukwa chake tiyeni titsegule Baibulo.

MAYI WAMASIYE NDI MNENERI ELISA

Pa 2 Mafumu 4 tikumana ndi mayi amene mwamuna wake anali mmodzi wa ana a aneneri, munthu woopa Mulungu. Anamwalira, nasiya nkhongole. Mwini ndalama anali m'njira kudzatenga ana ake awiri kuti akhale akapolo. Taonani bwino: m'nyumba ya munthu wa Mulungu munali nkhongole. Choncho ngati muli nayo, musaganize kuti Mulungu anakutayani kapena kuti wina anakulodzani. Kwezani mutu, mawu awa ndi anu.

Mayiyo anathamangira kwa Elisa, ndipo anachita bwino. Ifenso timathamangira kuguwa, timadzozedwa mafuta, timafuula kuti nkhongole ithe m'dzina la Yesu. Ameni, ndimakhulupirira zimenezo ndi mtima wanga wonse. Koma werengani mosamala zimene mneneri anachita. Sanatemberere mwini ndalama. Sanauze mayiyo kuti nkhongoleyo yafufutika, apite akagone. Anamufunsa funso: ali ndi chiyani m'nyumba mwake? Mayiyo anayamba ndi kunena kuti alibe kalikonse, kenaka anakumbukira kambiya ka mafuta. Elisa anamutuma kukabwereka zotengera zopanda kanthu kwa anansi, alowe m'nyumba ndi ana ake, atseke chitseko, ayambe kuthira. Mafuta anatuluka mpaka zotengera zonse zinadzaza. Pomaliza mneneri anamuuza kuti akagulitse mafutawo, alipire nkhongole yake, ndipo zotsalazo ndiye zikhale zodyera iye ndi ana.

Chozizwitsa chinalipo, Aleluya! Koma chinayenda m'njira ya masitepe atatu: kuwerenga zimene zili m'nyumba, kutseka chitseko, ndi kulipira asanayambe kudya. Ambiri a ife timafuna mafuta, masitepe atatuwa sitiwafuna. Ine ndinali mmodzi wa iwo.

UMBONI WANGA

Chaka chimene ndinamaliza dipuloma yanga ya zaumulungu, apongozi anga aamuna anamwalira. Bokosi, galimoto yonyamula maliro, chakudya cha anthu olira, zonse zinayang'ana kwa ine mkamwini. Ndinapita kwa munthu wina wa kaloba ndi kutenga ndalama. Pamenepo sindidziimba mlandu kwambiri, imfa sipangana ndi munthu. Koma patapita miyezi iwiri kunali mwambo wolandira mapepala a sukulu, ndipo ndinati mumtima: kodi mtumiki wa Mulungu angaime pamaso pa anthu ndi jekete lakale? Ndinakongolanso. Suti yatsopano, nsapato, nkhuku za alendo, wojambula zithunzi. M'chinenero chathu mawu akuti "kukongola" ali ndi matanthauzo awiri, ndipo ine ndinawagwiritsa onse pamodzi: ndinakongola ndalama kuti ndikongole pamaso pa anthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mayi a kunyumba sindinawauze. Foni ikalira, ndinkatuluka panja kukayankha: "Bwana, nizakupatsani kumapeto kwa mwezi, osadandaula." Mwezi ukatha, ndinkazimitsa foni. Lamlungu lina ndikutsogolera matamando, ndinaona mwini ndalama uja atakhala kumbuyo kwenikweni, manja ali pachifuwa. Sanabwere kudzapemphera. Titatuluka anandiyandikira nanena motsitsa mawu: "Abusa, mwaimba bwino. Manje ndalama yanga?" Abale, kunali kozizira koma ndinatuluka thukuta.

Usiku umenewo ndinaulula zonse kunyumba. Mayi analira, kenaka anapukuta misozi, natenga buku la masamu la mwana wathu limene linali ndi masamba otsala kumbuyo. Anati, "Bambo, tchulani zonse, musasiye ngakhale imodzi." Tinalemba. Kaloba K2,000. Alamu anga K1,500. Pa kantemba pomwe tinkatenga shuga ndi saladi K650. Chilimba chimene ndinadya koma osabweza K600. Nkhongole ya pafoni K400. Zonse pamodzi K5,150. Kwa miyezi yambiri ndinali kupempherera chinthu chimene sindinkadziwa kukula kwake. Tsiku limenelo ndinachiona ndi maso, ndipo mantha anachepa. Tinatenga miyezi 14 kuti timalize. Palibe envelopu imene inagwa kuchokera kumwamba. Koma m'miyezi 14 imeneyo sitinagone ndi njala ngakhale tsiku limodzi, ndipo pamenepo ndi pamene ndinaona dzanja la Yehova.

SITEPE YOYAMBA: WERENGANI

Pa Luka 14:28-30 Ambuye Yesu akufanizira wophunzira wake ndi munthu wofuna kumanga nsanja, amene amayamba wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo kuti asasekedwe atalephera kumaliza. Kuwerengera si kusowa chikhulupiriro. Yesu yemweyo ndiye anakuyamikira.

Tengani buku. Tsamba loyamba lembani onse amene muli nawo nkhongole, ndalama zake, tsiku lobweza, ndi chiwongoladzanja ngati chilipo. Tsamba lachiwiri lembani zimene muli nazo: matumba a chimanga, nshawa, soya, mbuzi, nkhuku, dimba, njinga, makina osokera, luso la manja anu. Musafulumire kunena kuti "ndilibe kalikonse" ngati mayi uja. Kambiya ka mafuta kalipo. Tsamba lachitatu lembani ndalama iliyonse yotuluka kwa masiku 30, ngakhale K2 ya switi ya mwana. Ndipo polemba zolowa, lembani zokhazo zimene zili m'manja. Ndalama imene mwana wanu wa ku Lusaka analonjeza musaiwerengere isanafike. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsopano tiyeni tichite masamu a kaloba, chifukwa ambiri timasaina osawerengera. Tinene kuti mwatenga K1,000 ndipo mwagwirizana kubweza K1,500 pakutha kwa mwezi. Mwezi watha, muli ndi K500 yokha. Mwini ndalama alandira, nanena kuti imeneyo ndi ya chiwongoladzanja, K1,000 ikadalipo. Mukachita chomwecho miyezi 6, mwapereka K3,000, koma nkhongole ija sinasunthe ngakhale ngwee imodzi. Mu 2024 bungwe la FRA linkagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K330. Ndiye kuti K3,000 ndi matumba 9. Matumba 9 a thukuta lanu apita, ndipo mukadali pomwe munayambira. Lemba la Miyambo 22:7 likamayerekeza wokongola ndi kapolo wa womukongoza, likunena zimenezi: mumalima ndinu, koma amakolola wina.

Kaloba ilinso ndi mng'ono wake amene timamudziwa bwino kuno kumudzi. Mu Febuluwale njala yaluma, munthu akupatsani ndalama pang'ono kapena meda zingapo za chimanga, mugwirizane kuti mudzabweza thumba lathunthu pokolola. Mwagulitsa chimanga chikadali m'munda pa mtengo wa chisoni. Nanunso antchito a boma, aphunzitsi ndi anamwino athu, werengani payslip yanu mzere ndi mzere. Ngati khadi lanu la ATM likugona m'thumba la munthu wina, lembani zimenezo m'buku, chifukwa ndi pamenepo pamene pemphero lanu liyenera kulunjika.

SITEPE YACHIWIRI: TSEKANI CHITSEKO

N'chifukwa chiyani Elisa anauza mayiyo kutseka chitseko? Lemba silifotokoza, koma ine ndaona chinthu chimodzi m'moyo: ndalama zambiri za munthu wosauka zimathera pa maso a anthu. Tikuopa kuti anzathu ati chiyani. Chitenge chatsopano pa kitchen party iliyonse. Foni yaikulu ya nkhongole. Maliro amene timaphika ngati ukwati. Munthu amene akutuluka m'nkhongole ayenera kutseka chitseko kwa kanthawi, iye ndi banja lake, ndi kugwira ntchito mwakachetechete.

Moyo wadula, zimenezo sitikana. Bungwe la JCTR la ku Lusaka limawerengera mwezi ndi mwezi mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu, ndipo mu 2024 mtengowo ku Lusaka unapitirira K10,000 pa mwezi. Ndi angati a ife amene amagwira ndalama yotere? Koma ife a kuno tili ndi zimene a m'tauni alibe: nthaka, nkhokwe, ndi ndiwo za kuseri kwa nyumba. Nazi zina zimene zinatithandiza ife, ndipo ndaona zikuthandiza mabanja ena mumpingo.

Choyamba, chimanga cha banja chisakhudzidwe. Onani kuti thumba limodzi limatha masiku angati m'nyumba mwanu, muwerengere mpaka kukolola kwina, muwonjezerepo limodzi la alendo ndi maliro. Thirani mankhwala a anankafumbwe kapena sungani m'matumba osalowa mpweya aja. Zotsala ndiye zogulitsa. Palibe chopweteka ngati kugulitsa chimanga motchipa mu Juni ndi kukagula pamela mu Januwale. Tonse tikukumbukira 2024. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse, ndipo mabanja amene anali atagulitsa zonse chaka cham'mbuyo ndiwo anayamba kugogoda kwa a kaloba. Yosefe ku Igupto analangiza Farao kusunga gawo limodzi mwa magawo asanu m'zaka za dzinthu (Genesis 41:34). Nzeru imeneyo sinakalambe.

Chachiwiri, ndalama ya munda ipatulidwe lero. K400 ya FISP ija imene mumapereka kudzera ku koparetivu, ndalama ya mbewu, ya olima, ikani padera mvula isanayandikire. Munthu amene akongola kaloba mu Novembala kuti agule fetereza wayamba nyengo ali kale m'dzenje.

Chachitatu, ndiwo. Chibwabwa, kalembula, bondwe, delele, nyemba, nshawa zosinja: izi si chakudya cha umphawi, ndi chakudya chimene chinakulitsa makolo athu. Futsani ndiwo pamene zili zambiri. Ife kunyumba tinagwirizana kuti nyama ndi ya Lamlungu limodzi pamwezi mpaka nkhongole ithe. Ana anadandaula sabata ziwiri, kenaka anazolowera. Danieli ndi anzake anakana zakudya za mfumu, ndipo sanaonde.

Chachinayi, timabowo ting'onoting'ono. Talk time ndi mabandulo a intaneti oonera mavidiyo usiku wonse. Ulendo wa ku Chongwe kapena ku Lusaka kukagula chinthu chimodzi, pamene mukanadikira kuti mukagule zonse pamodzi kapena kutuma mnzanu amene akupita kale. Kugula saladi wa K5 tsiku ndi tsiku m'malo mwa botolo limodzi. Ndipo abambo ndi anyamata, ndilankhule poyera: kubetcha mpira pafoni ndi makina a bonanza aja si njira imene Mulungu adzakutulutsireni m'nkhongole. Makina amenewo anapangidwa kuti mwini wake apindule. Mowa sinditchula n'komwe, mukudziwa kale.

Chachisanu, funsani kuti ndalama ya sukulu ikupita kuti. Kuyambira Januwale 2022 boma linachotsa malipiro m'masukulu ake mpaka Giredi 12. Yunifolomu, mabuku ndi nsapato zikadali zathu, inde. Koma ndalama ija imene tinkavutika nayo teremu iliyonse, kodi tsopano ikulowa kuti? Ngati tinkatha kuipeza kale, tingathe kuipezanso lero ndi kuipereka kwa amene tili naye nkhongole.

Pa Yohane 6, Yesu atadyetsa anthu 5,000, analamula ophunzira kutola makombo kuti pasatayike kanthu, ndipo anadzaza mitanga 12. Iye amene angathe kuchulukitsa mkate sanalole kuti nyenyeswa ziwonongeke. Nanga ife ndife ndani kuti tizitaya? Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Onaninso kuti mayi uja anabwereka ndithu, koma anabwereka zotengera zogwirira ntchito. Pali kusiyana pakati pa kubwereka khasu ndi kukongola ndalama ya phwando. Chilimba ndi magulu osunga ndalama a m'mudzi ndi zinthu zabwino ngati mwalowa chimodzi chimene mungakwanitse. Koma kulowa magulu atatu, kutenga kuno kukatseka uko, ndi kukumba dzenje kuti mukwirire dzenje lina. Pa nthawi imene mukubweza, lamulo likhale limodzi: palibe nkhongole yatsopano. Ndipo musapereke NRC yanu kapena nambala yanu ya foni kuti wina akongolere m'dzina lanu, ngakhale ndi m'bale. Miyambo 6:1-5 imachenjeza kolimba za kuimira mnzako pa nkhongole.

SITEPE YACHITATU: LIPIRANI, KENAKA IDYANI ZOTSALA

Mvetsani dongosolo la mneneri: kugulitsa, kulipira, kenaka kudya zotsala. Ife timalitembenuza. Timagulitsa, timadya, ndipo mwini ndalama timamupatsa zotsala, ngati zatsala. Masalimo 37:21 amaika munthu wokongola osabweza m'gulu la oipa. Mawu owawa, koma ali m'Baibulo lathu. Mkhristu wolankhula malilime amene amasintha njira akaona amene anamukongoza akuwononga umboni wa mpingo wonse.

Tsiku limene ndalama yalowa, gawo la nkhongole lichoke tsiku lomwelo, isanagone m'nyumba. Ndalama ikagona m'nyumba imamera miyendo. Yambani ndi nkhongole imene ikukula msanga, ndiye kuti kaloba ndi za pafoni, ndipo yesetsani kudula mutu wake, osati kumangodyetsa chiwongoladzanja. Ngati pafunika kugulitsa mbuzi ziwiri kuti kaloba ife lero, gulitsani, mbuzi zidzaberekanso. Koma khasu, ng'ombe yolimira, makina osokera, chilichonse chimene chimakubweretserani chakudya, musagulitse. Enawo, monga alamu ndi a kantemba, apatseni kangachepe mwezi uliwonse mokhulupirika. Ikakutha imodzi, ndalama imene munkapereka kumeneko isabwerere m'mphika, ipite pa yotsatira. Ndipo sungani kenakake, ngakhale K20 pa sabata, ka tsiku la mavuto, kuti mwana akadwala usiku ndipo pafunika galimoto ya ku chipatala ku Mpanshya, musabwererenso kwa a kaloba.

Musathawe. Pitani nokha kwa amene anakukongozani, masana, musanaitanidwe. Nenani zoona: "Zonse pamodzi sindingathe, koma K200 mwezi uliwonse ndidzabweretsa. Chonde imitsani chiwongoladzanja." Lembani pa pepala pamaso pa mboni, a nyakwawa kapena mkulu wa mpingo. Ine ndinachita zimenezi miyendo ikunjenjemera. Sanavomere zonse zimene ndinapempha, koma anavomera zina, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni yanga sinazimitsidwenso.

Ngakhale dziko lathu ladutsa m'njira yomweyi. Achikulire akukumbukira kampeni ya Jubilee 2000, pamene mipingo inafuula kuti maiko osauka akhululukidwe nkhongole. Mu Epulo 2005 Zambia inafika pamapeto a ndondomeko ya HIPC, ndipo mbali yaikulu ya nkhongole yakunja, imene inali pafupifupi madola 7 biliyoni, inafufutidwa. Tinavina. Koma mu Novembala 2020, patangopita zaka 15, dziko linalephera kulipira madola 42.5 miliyoni a chiwongoladzanja pa Eurobond. Zitatero panalibe kothawira. Panafunika kukhala pansi ndi otikongoza, ndipo mu Juni 2023 ku Paris anavomera kukonzanso kabwezedwe ka madola 6.3 biliyoni. Sindikulalikira ndale, guwa lino si la chipani. Ndikungoti tiphunzirepo zinthu ziwiri. Nkhongole ingathe kufufutidwa lero, koma ngati kagwiritsidwe ka ndalama sikanasinthe, idzabweranso. Ndipo ngati dziko lathunthu lingakhale pa tebulo ndi kunena kuti "tiyeni tikambirane", inu mukuchita manyazi ndi chiyani?

ZA CHOPEREKA, NDI MAWU KWA OKONGOZA

Pano ndilankhule mosamala, ndipo a Bishopu awerenga ndime ino ndi kuivomereza. Timakhulupirira kupereka. Timakhulupirira chakhumi ndi kufesa mbewu. Koma musapite kwa a kaloba kukatenga ndalama yoti mudzafese pa guwa. Pa 2 Akorinto 8:12 mtumwi Paulo akuphunzitsa kuti mphatso imalandiridwa molingana ndi zimene munthu ali nazo, osati zimene alibe. Ndalama yokongola si yanu. Perekani kuchokera pa zimene mwapeza ndi manja anu, mokondwera, ngakhale ndi meda ya nshawa kapena tsiku limodzi logwira ntchito pa nyumba ya Mulungu. Ndipo munthu aliyense, kaya wavala suti yoyera bwanji, akakuuzani kuti mupereke ndalama yakutiyakuti kuti nkhongole yanu isowe m'mabuku mozizwitsa, muyeseni ndi Elisa. Elisa sanapemphe mayi wamasiye ngakhale dontho limodzi la mafuta aja.

Tsopano kwa inu amene Mulungu anakudalitsani ndipo mumakongoza ena. Werengani Nehemiya 5. Kunali njala, anthu anapereka minda ndi nyumba zawo ngati chikole kuti apeze chakudya, ndipo amene ankawadyera masuku pamutu anali abale awo omwe. Nehemiya anakwiya, anaitanitsa msonkhano, ndipo olemerawo anabweza minda. Pa Deuteronomo 24:6 Mulungu analetsa kutenga mphero ngati chikole, chifukwa kutero n'kulanda moyo wa munthu. Mphero ya lero ndi njinga imene m'bale amanyamulira tomato, ndi mbaula ndi poto zimene mlongo amakazingira vitumbuwa. Ndalama yanu muli ndi ufulu woilandira. Koma ngati m'bale wabweza kale kawiri kuposa zimene anatenga, ndipo mukumuwerengerabe, Mzimu Woyera akulankhula nanu sabata ino. Tikudya Mgonero pa tebulo limodzi.

ZOCHITA SABATA INO

Lolemba: mwamuna ndi mkazi khalani pansi, tsekani chitseko, uzanani zoona zonse. Womvayo asakalipe, kuulula kokhako n'kovuta kale. Amene muli nokha, itanani mkulu wa mpingo kapena mayi wachikulire amene mumamukhulupirira.

Lachiwiri: lembani masamba atatu aja.

Lachitatu: bwerani ndi buku lanu ku mapemphero. Simudzalitsegula pamaso pa anthu. Tidzasanjika manja pa mabuku otseka, aliyense akudziwa chimene akupempherera.

Lachinayi: patulani chimanga cha banja ndi ndalama ya munda.

Lachisanu ndi Loweruka: pitani kwa munthu mmodzi amene muli naye nkhongole, mutanyamula kenakake m'manja, ngakhale kochepa.

Mlongo amene munasiya mapemphero a Lachitatu, malo anu akadalipo. Bwerani. Ngati mukuopa kukumana ndi amene anakukongozani, ndiuzeni, tidzapita limodzi.

TIPEMPHERE

Atate wathu wa kumwamba, Yehova Yire, tikubwera pamaso panu ndi mabuku athu ndi manyazi athu. Tikhululukireni pamene tinakongola chifukwa cha kunyada, ndi pamene tinanama kwa amene anatithandiza. Tonthozani amene analowa m'nkhongole chifukwa cha maliro, matenda ndi chilala. Tsegulani maso athu kuti tione kambiya ka mafuta kamene kali m'nyumba zathu. Dalitsani minda yathu, ziweto zathu ndi ntchito za manja athu. Tipatseni mtima wokhutira ndi nsima ndi chibwabwa mpaka tsiku la ufulu wathu. Fewetsani mitima ya otikongoza, ndipo ife tipatseni kulimba mtima kuti tikaime pamaso pawo. Tikukana kuti ana athu adzalowe ukapolo chifukwa cha nkhongole zathu. Tikuthyola goli la kaloba, la kubetcha ndi la kudzionetsera, m'dzina lamphamvu la Yesu Khristu. Ameni ndi Ameni.

Chisomo chikhale nanu nonse. Tionana Lachitatu, buku m'manja.

Wanu mu utumiki,
Mthandizi wa a Bishopu